Bwato Lomwe Linaima Panjira

Kalekale, mphwanga, kunali mwamuna wina dzina lake Sankhulani, mmisiri wosema mabwato. Anakwatira Nankhoma, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, m'mbali mwa mtsinje waukulu.

Apongozi ake, a Nangondo, sankamufuna. Akalima, ati walima pang'ono. Akadya, ati wadya kwambiri. Tsiku lina anakumana nawo panjira atasenza mtengo, nachedwa kupatuka. Basi, mudzi wonse unamva: "Mkamwini wanga alibe mwambo. Amandiyang'ana m'maso ngati ndine mnzake." Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa.

Chaka china mvula inagwa kumapiri, mtsinje unadzaza mwadzidzidzi. Nankhoma anali kudimba, pachilumba. Bwato lomwe anawolokera linapita ndi madzi, ndipo madziwo ankangokwera. Bwato lina linali limodzi lokha, latsopano, lidakali kunkhalango komwe Sankhulani analisemera.

Anthu anathamangira komweko, namanga chingwe. Koka! Bwato duu. Koka! Bwato duu. Anaponda mwamphamvu, amuna ndi akazi omwe, mitsempha m'khosi njo. Kenaka khwee, linasuntha. Litangosuntha linapepuka.

Pomwepo kunamveka mfuu kumudzi, madzi alowa m'makola ndi m'nkhokwe. Anthu anayamba kusiya chingwe mmodzimmodzi. Munthu ndi mbuzi zake, paja! Anatsala awiri, Sankhulani ndi mlamu wake Lipenga, mchimwene wa Nankhoma.

Lipenga anati, "Alamu, tikwanitsa awiriwiri?"

Sankhulani anati, "Tikwanitsa, bola tisaime. Bwato logona limaluma nthaka, loyenda limangoinyambita. Kulidzutsa kufuna mudzi wonse. Kuliyendetsa ife tikwana."

Anakoka akuimba:

Koka, koka, lisagone,
likagona laluma!

Anadutsa nkhalango. Anadutsa minda. Manja anachita matuza, iwo osaima. Mkokomo wa mtsinje unayamba kumveka.

Ndiye pokhota njira, uyo! A Nangondo akubwera chothamanga, akulira mwana wawo.

Mwambo ukuudziwa. Mkamwini akakumana ndi apongozi amapatukira patchire, n'kunjuta, maso pansi. Sankhulani ankadziwa za bwato kuposa munthu aliyense. Mutu unkati koka. Koma m'makutu munalira mawu aja, alibe mwambo, alibe mwambo. Anasiya chingwe. Anadumphira patchire, nanjuta, nawomba m'manja.

Bwato linakwekwereza pang'ono, n'kuima.

Lipenga anati, "Alamu, mwatani?"

Sankhulani anadzambatuka, nagwiranso chingwe. Koka! Bwato duu. Koka! Bwato duu. Linali litaluma.

A Nangondo anagwira chingwe chomwecho, phewa lawo likukhudzana ndi phewa la mkamwini. "Kokani bambo, kokani. Ulemu wanuwo ndiudya lero?"

Taona mmene zimawawira, mphwanga. Awiri ankaliyendetsa. Tsopano anali atatu, koma bwato silinasunthe ngakhale pang'ono. Anakoka mpaka chingwe chinawacheka m'manja. Nkhalamba inagwa, inadzuka, inakokanso.

Lipenga anathamangira kumudzi kukaitana anthu. Uyu akuthamangitsa mbuzi, uyo akutulutsa chimanga m'nkhokwe. Anabwera, inde, koma mochedwa. Analidzutsa bwato, nalikoka mpaka kudooko.

Chilumba panalibe. Panali madzi okhaokha, ndi nsonga za chimanga zikugwedezeka. Sankhulani anapalasa uku, anapalasa uko, akuitana dzina la mkazi wake mpaka mawu anatha. Nankhoma sanapezeke. Analira maliro opanda mtembo.

Maliro atatha anamusudzula, popeza mkamwini wopanda mkazi alibe pokhala. Anamanga kamtolo kake, natenga nkhwangwa ndi kasemasema. Panjira yomwe ija, pokhota pomwe paja, anakumananso ndi a Nangondo. Mwendo wake unayamba kulowera kutchire.

A Nangondo anati, "Musapatuke, bambo. Ingodutsani."

Anadutsa. Palibe anayang'ana mnzake. Ndipo sanasemenso bwato mpaka imfa yake.

Ine nkhani imeneyi imandipsetsa mtima mpaka lero. Ulemu ndi wabwino, sindikukana. Koma chinthu cholemera chikayamba kuyenda, usachiimitse pofuna kuti anthu akutame. Chikagona, mphamvu zomwe unkachiyendetsa nazo sizichidzutsa. Ndipo iwe ukadzakhala mpongozi, samala pakamwa, chifukwa mawu ako adzakudikira panjira tsiku loipa.

Nthano yanga yaima pomwepo, ngati bwato lija.