Lamulungu Limodzi la Loredana

Kwathu kuno ku Asti, munthu akakuuzani kuti sadziwa shopu ya Fulvio Cerrato, ndiye kuti wotchi yake sinafepo. Ndi kachipinda kopanikiza pafupi ndi msika, kodzaza mawotchi okhaokha, onse akugunda pamodzi ngati anachita kupangana. Mwini wakeyo ndi bambo wadazi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, waulemu wake ndithu, koma wokhulupirira bodza limodzi lalikulu: loti palibe vuto padziko pano limene lingakanike munthu wodziwa kuwerengera mphindi.

Chibadwire, Fulvio anali asanaphonyepo nkhomaliro ya Lamulungu kwa amayi ake, mayi Delfina. Ngakhale m'mawa mwake mwa ukwati wake, hafu 12 itangokwana, iye ndi mkwatibwi wake Loredana anali atakhala kale pa tebulo lomwelo, akudya agnolotti, pasta yotsekera nyama m'kati ija, imene mayiyo amayamba kuipinda ndi zala kuyambira Loweruka. Loredana ndi apongozi akewo sankakangana ayi. Ankalemekezana kwambiri, ulemu wozizira uja wa akazi awiri amene aliyense akudziwa mumtima kuti mnzakeyo satha kuphika. Ndipo Lamulungu lililonse mayi Delfina ankatsina tsaya la mwana wawo, n'kuusa moyo, n'kunena kuti wawonda.

Sabata imene ukwati wawo unkakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, Loredana analowa mu shopu muja n'kuika kapepala ka hotela pakati pa tizitsulo ta mawotchi.

"Torino," anatero. "Loweruka ndi Lamulungu. Chipinda ndasungitsa kale."

"Torino? Si pakhomo pomwepa apa? Tikhoza kupita Loweruka m'mawa, madzulo tabwerako."

"Ku Torino ndapitako kambirimbiri, kukapimitsa maso ndi kumaliro. Ine sindikufuna mtunda, a Fulvio, ndikufuna Lamulungu. Limodzi lokha. Ndikadzuke mochedwa mumzinda wa mafumu, ndikaone nyumba zawo, nkhomaliro ndikadye ndi mwamuna wanga popanda wina womutsina masaya. Mukalephera zimenezi, sutikesi imene ndilongedzeyo sindimasulanso. Ndingopitirira nayo kwa achemwali anga ku Savona."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinamuopsa Fulvio. Anavomera msangamsanga. Madzulo anapita kwa amayi ake kuti akawauze, koma anawapeza akusefa ufa, ndipo asanakhale n'komwe pansi anamufunsa ngati Lamulungu akufuna msuzi wa nyama kapena batala chabe. Mawu onse amene anakonza m'njira anamuthawa.

"Wa nyama, amayi," anayankha, n'kutuluka.

Munthu wanzeru akanabwerera n'kukanena zoona. Koma mkulu wathuyu anatenga pepala, pensulo ndi ndandanda wa sitima, n'kuyamba ntchito imene amaidziwa. Kuchoka ku Torino kufika ku Asti sitima sitha ola. Akamusiya Loredana 11 koloko m'nyumba yoonetseramo alendo mitembo yakalekale ya ku Iguputo, mmene munthu amatha maola atatu osazindikira, iye akhoza kuthamangira sitima, kukadya kwa amayi ake, n'kubwerera hafu 2 isanakwane kuti adzadyenso ndi mkazi wake. Nkhomaliro ziwiri tsiku limodzi sizinaphepo munthu. Anayang'ana pepala lija n'kumwetulira yekha, ati wapambana akazi onse awiri.

Loweruka zinthu zinayenda bwino moti zinali zomvetsa chisoni. Mvula inayamba atangotsika sitima, koma za mvula ku Torino n'zosadandaulitsa, paja mafumu akale anamangitsa makonde ataliatali m'mbali mwa misewu kuti aziyenda osanyowa. Awiriwo anayenda m'makondemo atakolekerana mikono, anamwa khofi wosakaniza ndi chokoleti, ndipo Loredana anaseka kuseka kuja ankaseka ali mtsikana, koponya mutu kumbuyo. Fulvio atamuyang'ana anamva manyazi, anamvadi, mpaka dzanja linapita m'thumba kuti ang'ambe pepala lija. Koma anakumbukira msuzi wa nyama, n'kulibweza dzanjalo lili lopanda kanthu.

Lamulungu m'mawa, ataima pamaso pa mtembo woyamba, Fulvio anagwira pamimba n'kukwinya nkhope.

"M'mimbamu mwandipotokola. Ndi chokoleti cha dzulo chija."

"Tiyeni tibwerere limodzi," anatero Loredana.

"Ayi ayi, inu onani anthu akalewa, akudikirani zaka zikwi zitatu. Ine ndikagone pang'ono ku hotela. Hafu 2 tikumana pa lesitilanti tinaiona dzulo ija."

Anatuluka mozyolika ngati wodwala weniweni, koma atangokhota ngodya anaswa liwiro. Ambulera anaiiwala pakhomo pamene amasungitsa katundu. Foni anazimitsa kuti mkazi wake akaimba asamve phokoso la sitima.

Ku Asti mvula inali ikuchita kukhuthuka, ndipo msewu wa kwa amayi ake mafumu sanaumangire khonde. Anafika madzi ali chuu, nsapato zikulira. Chimene chinamudabwitsa n'choti pa masitepe sipanamveke fungo la nyama. Anagogoda, anagogodanso, mpaka pa zenera la nyumba yoyandikana panasuzumira mutu wa a Gualtiero, amene kale ankagulitsa nyama pamsika.

"Ukuphwanyiranji chitseko, Fulvio? Amayi ako apita ku Torino."

"Kuti?"

"Ku Torino, kwa iwe. Dzulo pamsika anakumana ndi mayi amene akuthirira maluwa a mkazi wako, ndiye anawauza zonse, ndi dzina la hotela lomwe. Akuti, 'Mwana wanga waopa kundiuza, ndiye Lamulungu akadye za eni?' Akulunga mphika m'nsalu, akwera sitima ya hafu 11. Ndiye kuti mwadutsana m'njira. Sunawabayibitse pa zenera?"

Fulvio anayang'ana wotchi yake, anaona kuti nthawi ilipo yambiri, n'kuyamba kubwerera ku siteshoni moyenda, akukonza bodza latsopano. Atafika anangoona msana wa sitima ukuzimiririka. Apa m'pamene anaika wotchi ija kukhutu. Inali zii, madzi atalowa. Munthu wokonza mawotchi a tauni yonse, yake itamufera pamkono! Tsono Lamulungu sitima zimakhala zapatalipatali. Anakhala pa benchi akunjenjemera, m'mimba mukulira, tsopano mwa zoona. Atayatsa foni anapeza kuti palibe amene anamuimbira, ngakhale mmodzi, ndipo apa anachita mantha enieni.

Zimene zinkachitika ku Torino nthawi imeneyo tinazimva kwa mayi Delfina eni ake, amene anazifalitsa msika wonse. Loredana mtima sunakhale m'malo. Anaisiya mitembo ija, anagula mankhwala a m'mimba, n'kuthamangira ku hotela. Bedi analipeza loyalidwa bwinobwino, wodwala palibe. Atatsika kuti akafunse, anapeza apongozi ake ataima polandirira alendo, mphika uli m'manja, akufunsa za munthu yemweyo. Akuti anayang'anana nthawi yaitali, wina ndi mankhwala, wina ndi mphika. Kenako mayi Delfina anati, "Tiye kuchipinda mwananga, chakudyachi chizizira."

Fulvio anafika cha m'ma 4 koloko. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono, n'kupeza akazi awiri aja atakhala pa katebulo ka pa zenera, nsapato atavula, botolo la vinyo litatsala pang'ono kutha. Sutikesi ya Loredana inali pafupi ndi chitseko, yotseka.

"Wodwala wathu wafika," anatero Loredana. "M'mimba muja muli bwanji?"

"Loredana, ndiloleni ndifotokoze."

"Khala chete iwe, ukunyowetsa kapeti wa eni," anatero mayi Delfina. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndimati mkaziyu amabwera kwanga nkhope ili ndwii chifukwa cha mwano. Kani ankangofuna Lamulungu limodzi, iwe osandiuza. Unkaopa chiyani, ndimaluma? Bambo ako anandichita zomwezi. Zaka makumi atatu ndinadya kwa apongozi anga Lamulungu lililonse, mpaka tinakawaika m'manda. Torino ali apayu, koma nyumba ya mfumu sindinaipondemo. Ndinalira kangati kukhitchini kwa mayi uja, ukudziwa iwe? Lero ndamva kuti mwana amene ndinabereka ine wasiya mkazi wake pakati pa mitembo, n'kuthamangira mphika."

Fulvio anali asanawamvepo amayi ake akunena za kulira. Anaima pomwepo madzi akudontha m'makutu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwake analibe chowerengera. Anayang'ana sutikesi ija.

"Nanga za ku Savona?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Amayi andipempha kuti ndiyambe ndaima," anayankha Loredana. "Ndawamvera iwowo, osati inu. Chipinda chino tawonjezera mpaka Lachiwiri, ine ndi iwo. Tikaona nyumba ya mfumu, tikamalizenso mitembo ija. Inu pitani mukatsegule shopu, mawotchi a anthu akudikira."

"Chabwino. Koma chidzukireni sindinalawe kanthu."

Mayi Delfina anavundukula mphika. Pansi panatsala ka agnolotti kamodzi kokha, konenepa bwino, kakusambira mu msuzi wa nyama uja Fulvio anasankha yekha. Anakabaya ndi foloko, anakadutsitsa pamphuno pa mwana wawo, n'kukapereka kwa mpongozi.

"Idya mwananga," anatero, akumutsina tsaya. "Wawonda."

Loredana anabweradi Lachiwiri madzulo, koma sutikesi ija sanamasule. Ili kuseri kwa chitseko mpaka lero, ndipo Fulvio amapunthwa nayo m'mawa uliwonse osayerekeza kuisuntha. Lamulungu loyamba la mwezi akazi awiriwo amakwera sitima ya ku Torino atakolekerana mikono, iye n'kutsala mu shopu ndi buledi ndi tchizi, mawotchi onse akumukumbutsa kuti hafu 12 yakwana. A Gualtiero akamadutsa salephera kusuzumira, kuti aone munthu yekhayo amene anapita ku mzinda wa makonde n'kubwerako ndi chimfine cha sabata ziwiri. Fulvio amangoweramira ntchito yake, poti nayenso akudziwa tsopano kuti akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.