Bulauzi Yochapa ya a Dorika

Ku Lobi, kuseri kwa zitunda kumene nyemba zimabereka kuposa chimanga, kuli khomo la a Alufeo ndi akazi awo a Dorika. M'kuyendayenda kwangaku ndinapemphapo madzi akumwa, ndipo eni khomo anandipatsa madziwo pamodzi ndi nkhani iyi.

Chaka chimenecho a Dorika anali atamaliza maphunziro a amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwawo, ndipo Lamulungu linalikudzalo anayenera kuvekedwa yunifomu pamaso pa mpingo. Siketi yakuda inalipo, duku loyera linalipo. Chotsala chinali bulauzi yoyera. A Alufeo atagulitsa nyemba ku Dedza, anabwera nayo ili m'pepala lake.

"Tayesani, amake Mandla, tione ngati ikukukwanani. Ine ndangoyerekeza ndi maso."

"Ndiyese chovala chisanapemphereredwe? Imeneyi si yopitira kumsika, bambo a Mandla. Ndidzaivala tsiku lake."

Panalibe lamulo la mpingo lowaletsa. Unali ulemu wa mumtima mwawo basi, koma wouma ngati chitsa cha m'munda. Anangoigunditsa pachifuwa, nati yakwana. Ndipo poti chovala cha m'sitolo chimagwidwa ndi manja ambiri, anaichapa, naiyanika, naisita ndi simbi yamakala.

Lachinayi kunabwera mayi wamkulu wa Chigwirizano kudzaona ngati zonse zili m'malo. Anaitambasula bulauziyo, nayang'ana mapewa a a Dorika, mapewa a munthu wolima ndi wosenza nkhuni, napukusa mutu.

"Mayi, muno mukalowa mkono umodzi, winawo utsala panja."

Mtima wa a Dorika unangoti myuu. Akaphonya Lamulungulo, anzawo onse adzavekedwa iwo ali pabenchi, n'kudikiranso chaka chathunthu. Ndalama yogulira ina panalibe.

M'mawa mwake banjali linakwera matola, n'kufika m'tauni chifunga chisanachoke pa Phiri la Dedza. M'sitolo muja anapeza mtsikana wogulitsa, dzina lake Nomsa, maso ali pafoni. A Dorika anapereka moni, moniwo unagwera pansi. Anayala bulauzi patebulo nafotokoza kuti akupempha kusintha ndi yokulirapo. Nomsa anainyamula ndi zala ziwiri, nainunkhiza.

"Sopo! Mwachapa, mwasita, kaya mwavinira nayo ukwati, ndiye mwati mubweze? Kuno si kukaunjika, amayi."

"Sindinaivale, mwana wanga."

"Mwana wanu ali kumudzi. Ndiye thupi lonselo mumati lilowe muno? Kapezeni thumba la feteleza, likukwanani."

Ogula ena anaseka, ena anayang'ana kudenga. A Alufeo magazi anawira, koma asanalavule zomwe zinali kukhosi, akazi awo anawakoka malaya.

"Bambo a Mandla, tapitani mukaone mbewu zafika kumsika. Mkangano sukulitsa bulauzi." Kenaka anatembenukira kwa mtsikanayo. "Eni sitolo abwera liti?"

"Apita ku Lilongwe kukaoda katundu. Kaya madzulo, kaya mawa. Mugona pompano?"

"Ndidikira."

Anakhala pakhonde la sitolo, atadzikulunga chitenje. Amene anakhalapo ku Dedza mwezi wa Juni akuidziwa mphepo yake, yoluma ngati ili ndi mano. Nomsa anatuluka ndi tsache n'kusesera fumbi kumapazi awo; iwo anangosuntha. Matola a ku Lobi ankanyamuka, wina pambuyo pa mnzake. A Alufeo anabwerako nati, "Tiyeni kwathu, tanyozeka mokwana." Ataona kuti akazi awo sakudzuka, anang'ung'udza, nakagula chimanga chootcha, nakhala nawo pomwepo.

Dzuwa litapendeka, panaima galimoto yodzaza mabelo, ndipo munatsika mayi Hadija, mwini sitolo. Ataona anthu akuluakulu awiri atakhala pansi pakhonde lawo, anafunsa chomwe chavuta. A Dorika sanayambe ndi kuneneza munthu.

"Cholakwa n'changa, mayi. Ndinachapa ndisanayese."

"Nanga munalekeranji kuyesa?"

A Dorika anafotokoza za Lamulungu lija, ndi mantha awo ovala chovala cha Mulungu tsiku lake lisanafike. Mayi Hadija anawayankha.

"Chochapa sindilandira, apo mtsikanayu sananame. Koma inenso monga Msilamu ndili ndi nsalu yanga yoswalira, ndipo sindipita nayo kumsika. Chimene munkaopacho ndikuchidziwa." Anaitana Nomsa. "Amayiwa akhala pano kuyambira liti?"

"M'mawa."

"Akutukwana?"

"Ayi."

"Nanga iwe?"

Nomsa anayamba kukanda chitseko ndi chikhadabo.

"Akanabwera ndi phokoso, bwenzi nditawaonetsa msewu wa ku Lobi," anatero mayi Hadija. "Katenge yaikulu ija. Koma iyi yokha muiyesa, mayi, pamwamba pa diresi lanulo. Mulungu sangakwiye nazo, amene anakupatsani mapewawo ndi Iye yemwe."

A Dorika anaseka misozi ili m'maso. Anaivala pamwamba pa diresi, natambasula manja uku ndi uku, ndipo inawakhala ngati anawasokera telala. A Alufeo anavula chipewa osadziwa kuti avula. Yochapa ija mayi Hadija anaiponyera Nomsa.

"Iyi ndi saizi yako. Uziivala pantchito, mwina kuyera kwake kudzafika ndi pakamwa."

Mtsikanayo anaiwakha, naipinda mosamala. Kenaka anakulunga yatsopano ija n'kuipereka kwa a Dorika ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Mawu anatuluka movutikira ngati mwana wobadwa chamiyendo: "Pepani, amayi."

"Zatha, mwana wanga," anayankha a Dorika, ndipo ulendo uno Nomsa sanawakane umayiwo.

A Dorika anagwada, nawomba m'manja kuthokoza mwini sitolo, mpaka mayi Hadija anachita kuwadzutsa. Matola anali atatha, koma analandiridwa pamwamba pa lole yopita chakwawoko. Lamulungu anaima pamzere ndi anzawo, ndipo pamene mpingo unkawapempherera, iwo mumtima ankatchula dzina la mayi wa chipembedzo china, amene anamvetsa mantha awo kuposa mwamuna wawo yemwe. Mpaka lero akatsikira ku Dedza salambalala sitolo ija osalowa kukapereka moni, ndipo woyamba kuyankha amakhala Nomsa.

Ndapondamo m'masitolo ambiri, ndaona anthu akumenya matebulo, ena olakwiridwa zenizeni, n'kutuluka chimanjamanja, atangopindula mutu wopweteka. A Dorika analakwa okha, lamulo silinali mbali yawo, koma anamanga pakamwa nakhala pansi mpaka wachifundo anawapeza ali pomwepo. Akulu akale sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.