Lalanje la Mkamwini

Tsiku lina, titatha kupemphera swala ya masana, Che Ajibu anabwera kudzaona mphunzitsi wanga, Shehe Ndaila, Mulungu awachitire chifundo. Ine ndinali nawo pamkeka. Che Ajibu anali mkamwini m'mudzi mwathu, munthu woti nkhuku ikadutsa pakhomo pake ankafuna kudziwa amene waituma.

Atapereka salamu anati, "Shehe, ndinabzala mtengo wa lalanje kuseri kwa nyumba, koma ukufota. Mukudziwa kuti mkamwini akabzala mtengo, eni mudzi amati akufuna kulanda malo. Alamu anga, Che Matola, andikwiririra mankhwala patsinde. Lachisanu ndikawanena kumzikiti anthu onse akumva, ndipo akazi anga akawaikira kumbuyo, ine ndinyamula katundu wanga."

Mawuwa anandidetsa nkhawa, chifukwa pabanjapo panali ana ang'onoang'ono.

"Munawaona akukwirira?" anafunsa Shehe.

"Anthu otere saoneka, Shehe."

"Za mitengo ndimadziwa pang'ono chabe. Koma mundilole ndikauone musanatchule dzina la munthu pagulu."

Tinapita atatu. Shehe ananjuta, natembenuza masamba, koma sanapeze tizilombo. Anafunsa za madzi ndi manyowa, ndipo zonse zinali bwino. Kenaka anapisa zala patsinde. Dothi linali lofewa, ndipo linatuluka ndi timizu toyera toduka.

"Mwaonatu," anatero Che Ajibu, akuyang'ana kunyumba kwa alamu awo. "Pakumbidwa pamenepa."

"Pakumbidwadi. Nanga inu munadziwa bwanji kuti pali mankhwala?"

"Nditangobzala, masamba ena anayoyoka."

"Mbande zambiri zimatero zikasamutsidwa. Ndiye munatani?"

"Ndinafukula kuti ndiwachotse. Mpaka lero, m'mawa uliwonse ndikachoka kumzikiti ndimafukula ndi chikwanje kuzungulira tsinde lonse, kenaka n'kukwirira." Anayankha monyadira, ngati mlonda amene sagona.

"Mwapezapo chiyani?"

"Palibe. Ndi ochenjera kwambiri alamu angawo."

Ine kuseka kunandigwira, koma Shehe sanaseke. Anatola timizu tija, natsegula dzanja la Che Ajibu n'kuikamo mwaulemu.

"Che Ajibu, mtengo umamwera madzi timizu timeneti. Ukangophukira tatsopano, inu mumabwera kudzatidula pofunafuna tchimo la alamu anu. Kwirirani bwino, muzithirira, chikwanjecho muchisiye m'nyumba. Mulungu akalola, ugwira."

Che Ajibu anayang'ana m'dzanja mwawo nthawi yaitali. "Nanga za Lachisanu, Shehe?"

"Alamu anu mwawafukula masiku onsewa, simunapeze kanthu. Mukakafukulanso kumzikiti simukapeza kanthu, koma mizu idzadukabe. Ndipo ulendo umenewo idzakhala mizu ya ana anu m'mudzi muno."