Makoka a Haji Mbwana

Lachinayi lina m'mwezi wa Januwale, mvula itangokata, a Haji Mbwana anatulukira pamzikiti wathu pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anali eni mabwato asanu ndi limodzi padoko lina la nyanja ya Chilwa, munthu woti akayankhula pamsonkhano ena onse amangoti chete. Anapeza mphunzitsi wanga, a Shehe Imedi, ali pakhonde akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika. Ine ndinali pambali, ndikukonza phunziro la ku madrasa.

Atapatsana salamu, a Shehe anawayalira mphasa, nawafunsa za kunyumba. A Haji anayankha mwachidule, n'kuyamba nkhani imene inawabweretsa. Dzulo lake komiti ya padoko inali itagwira asodzi awo akukoka m'dambo, pakati pa mabango, ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Imeneyo ndi miyezi imene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane. Makoka awiri analandidwa, ndipo komiti inati iwatentha Loweruka anthu akuona.

"A Shehe," anatero a Haji, "mawa ndi Juma. Ndikupempha kuti pa khutuba, polalikira mumzikiti, muwakumbutse anthu kuti riziki, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, amapereka ndi Allah. Nyanjayi yakhala ikuuma n'kubwereranso, makolo athu anaziona. Amene amaidzaza madzi ndi amenenso amaidzaza matemba. Ndani munthu woti atseke chimene Allah anatsegula?"

"Mwanena zoona kuti wopereka ndi Allah," anayankha a Shehe, singano ili m'manja.

"Ndiye muzinene pagulu. Ine ndili ndi anthu makumi awiri amene amadya kuchokera m'makoka amenewo. Mwezi uno m'nyumba zawo mulibe ufa. Awo a komitiwo awadyetsa?"

A Shehe anaika mkeka pansi. Anati za njalayo akuzidziwa, poti akazi a asodziwo ena amabwera kwa mayi a kunyumba kwawo kudzapempha gaga. Anati mawa lomwelo apempha jamaa, anthu onse a mumzikiti, kuti aliyense amene ali ndi chimanga atapeko, ndipo iwo ayamba ndi thumba lawo. Kenaka anayang'ana kumunsi, kumene madzi a mvula anali atadzaza dambo lonse, akakowa ali yakaliyakali m'udzu.

"Ine sindine wophunzira za nsomba, a Haji," anatero. "Mundilole ndikufunseni za chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. Mbuzi zija zikuswana bwanji?"

A Haji anadabwa, koma nkhope inamasukako. "Alhamdulillah, zakwana makumi anayi."

"Mashallah. Pa Idi yapitayi ndinamva kuti munakana kuzinga yaikazi ija yamawanga, yonenepa kuposa zonse."

"Imeneyo inali ndi bere, a Shehe. Wozinga mbuzi yabere ndiye kuti wapha khola."

"Nanga mbuzi wopereka si Allah?"

"Ndi Iyeyo."

"Bwanji tsono simunaizinge, n'kunena kuti amene anadzaza khola adzalidzazanso?"

A Haji anavula chipewa, nachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Kenaka anati motsitsa mawu, "Koma zimenezo n'zosiyana. Mbuzizo ndi zanga."

A Shehe anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo anayankhula mofatsa ngati akuyankhula ndi m'bale wawo wodwala.

"Pamenepo ndiye mwayankha nokha, a Haji. Dambo lija ndi khola, ndipo miyezi ino nsomba iliyonse m'menemo ili ndi bere. Mbuzi yabere mumaileka chifukwa mwini wake ndinu. Nsomba yamazira simuileka chifukwa Mwini wake simumuona. Koma Iye amakuonani, ndipo tsiku lofunsa likadzafika sadzakufunsani za khola lanu lokha. Adzakufunsaninso za Lake."