Lichero Lopanda Mkombero

Kumapeto kwa chigwa, kumene nkhalango imatsikira kumtsinje, Malsun ankakhala ndi mwana wake mmodzi yekha, Okbun, mtsikana wopuwala mwendo. Wotsimphina sawoka mpunga m'matope, ndipo akuchimuna akabwera kudzaona mbeta amayamba kuyang'ana miyendo, nkhope pambuyo. Malsun ankazidziwa zimenezi. Adali mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa, woti wogulitsa mchere akamuona akubwera ankayambiratu kutuluka thukuta.

Chuma chimene mwamuna wake adasiya chidali zitsa za misondodzi m'mbali mwa mtsinje, mkati mwa nkhalango. Chaka ndi chaka zitsazo zinkatulutsa mphukira zazitali zowongoka, zolukira malichero. Koma manja oluka adapita kumanda. Wodziwa ntchitoyo m'chigwamo adangotsala mmodzi, Manbok, mkulu wake wa malemuyo, nkhalamba ya chifuwa chosamva mankhwala. Malsun adamutengera Okbun, nakangana naye mpaka nkhalambayo idavomera kuphunzitsa pongolandira mtsuko wa phala la soya.

Manbok ankalukira m'dzenje lofolera ndi udzu, pakuti msondodzi umafuna chinyontho. Ukaona mphepo umauma n'kuthyoka. Chisanu chonse Okbun adakhala m'dzenjemo, kunyika mphukira, kuzing'amba, kuluka pansi pa lichero. Zala zidachita matuza, kenaka zikang'a. Malsun ankabwera ndi chakudya n'kusuzumira pakhomo, kufunsa ngati mwana wake adamupereka kwa mmisiri kapena kwa mfuko. Chisanu chitatha adafuna kuona lichero. Adamuonetsa kanthu kaphanthiphanthi ngati kamphasa. Manbok adati mkombero, umene umagwira lichero lonse, adzaphunzitsa chisanu chinacho, manja a mwanayo akakhwima.

Pakati pa dzinja, balere, mbewu yonga tirigu imene ankadya, atatsala pang'ono mumtsuko, m'chigwamo mudafika wamalonda wochokera kutauni. Ankafuna mphukira zosenda, zoyera, zazitali, ndipo ankalipira ndi mpunga woyera. Nthawi imeneyo msondodzi uli ndi madzi, khungwa limangovuka ngati sokosi. Malsun adapita kwa mlamu wake, osati kukapempha nzeru, koma kukabwereka chikwakwa chodulira.

"Make Okbun, misondodzi timadula masamba akayoyoka, chitsa chikagona," adatero Manbok. "Mukachimeta lero, mvula ili pamutu chonchi, chiwola. Ngati njala yakula, patulani zochepa, zina muzisiye."

"Alamu, mtengo sugona. Wogona ndinu, m'dzenje mwanumo. Udzu timameta umaphukanso, nanga msondodzi uli ndi ufumu wanji?"

Okbun adayesa kunena kuti bambo ake sankadula nyengo imeneyo. Mayi ake adamuyankha kuti bambo akewo adafa osalawa mpunga woyera chifukwa chomvera mitengo.

Adadula zonse. Popeza wamalondayo ankakonda zazitali, adadulira pansi penipeni, mpaka chikwakwa chinkaluma chitsa. Pamalonda pokha adapambana. Adamupanikiza munthu wa kutauniyo mpaka adawonjezera mpunga, akung'ung'udza kuti mayi wotere sadamuonepo. Tsiku limenelo adadya mpunga woyera wopanda balere ndi mmodzi yemwe, koyamba chichitikire maliro. Malsun adatumiza mbale ina kudzenje kuja kuti mlamu wake alawe nzeru za mkazi. Mbaleyo idabwerera momwe idapitira.

Mvula idagwa osalekeza. Madzi adakhala pamabala a zitsa, zitsa zidada, kenaka padamera bowa. Zochepa zidayesa kuphuka mochedwa, timphukira tonyozoloka ngati ndevu za mbuzi, ndipo chisanu choyamba chidatiwotcha. Masamba atayoyoka m'nkhalango, nthawi yeniyeni yodula, Malsun adaima m'mbali mwa mtsinje chikwakwa kumanja, palibe choti adule.

Sadagonje msanga. Adalowa nkhalango yonse kufuna misondodzi yomera yokha, nabwera ndi mitolo ya mfundo zokhazokha, yothyoka ukangoipinda. Adawoloka phiri kukapempha kwa oluka a chigwa china, koma iwo adati zawo zidangokwanira manja awo. Iye amene sadapemphepo munthu mopepesa adagwada pakhomo la alendo, nabwerako ndi timitengo tochepa tobzala basi. Manbok adayesa kumuonetsa Okbun kamangidwe ka mkombero ndi mapesi a mpunga, koma phesi silikana dzanja, ndipo dzanja siliphunzira pa chinthu chosakana. Chifuwa cha Manbok chidakula. Malsun atapita kukamuona, nkhalambayo sidamukalipire.

"Mtolo umodzi wokha wa mphukira, mlamu," idatero. "Ukadakhalapo, mwanayu ndikadamusiya ali munthu."

Manbok adamwalira, ndipo adamuika m'manda madzi a mumtsinje, oundana ndi chisanu, asanasungunuke.

Malsun adabzala timitengo tija, nadikira zaka zimene msondodzi umafuna, pakuti tsopano padalibe woti akangane naye. Mphukira zitakwanira, Okbun adatsikiranso m'dzenje la bambo ake aakulu. Pansi pa lichero ankaluka bwino zedi, mothina moti ngakhale mawere sakadadutsa. Mkombero adangoyerekeza, kuyang'ana malichero akale, kumasula, kumanganso.

Malsun adasenza malicherowo kupita nawo kumsika. Mayi wina wogulitsa mawere adatenga limodzi, nathiramo mawere ake kuti aliyese. Adapeta kamodzi, kawiri, mkombero udafwamphuka, mawere n'kumwazika m'fumbi. Anthu adaseka. Mayiyo adafunsa kuti mmisiri wake ndani, kuti amuuze akayambe wamaliza kuphunzira. Ogulitsa mchere adatchera khutu kudikira bingu, koma Malsun adangogwada n'kuyamba kutola mawere a mwiniwake.

Atafika kunyumba adatula katundu yense monga adamusenzera. Okbun adayang'ana malicherowo, nayang'ana mwendo wake. Sadalire.

"Komatu mpunga uja unali wokoma, amayi," adatero, n'kutsimphina kukasonkha moto.

Malsun adakhala pakhonde. Mpunga udatha kalekale, mmisiri adawola, ndipo mwana adatsala ndi theka la luso, limene silidyetsa munthu. Akulu adanena kuti osafulumira kumeza kutafuna kukadakoma.