Fisi ndi Sitima Zamasiye za Nungu

Kalekale, nyama zikadayankhula, kunali njanji yochokera ku Thundulamvula kukafika ku Dambolanjati. Muli nane? Pa njanjiyo pankayenda sitima zitatu za malasha, zobadwa bere limodzi. Zonse zakuda, mphuno imodzimodzi, mluzu wokha ndiwo wosiyana. Zitabwera za dizilo, zitatuzi zinaikidwa m'shedi. Nungu, amene ankaziyendetsa, anakana kuti zichite dzimbiri. Ankazipukuta, kuzithira mafuta, n'kumazitcha ana ake.

Nungu anadwala nthawi yaitali, mwana wake Kanungu akumusamala yekha, mpaka anamwalira. Pamaliro mpamene panatulukira Fisi, akulira mogubuduka, diso lili kushedi.

"Achimwene anga ine! Sitimazi nditenga ndine. Ziwiri tisula makasu, inayo ndiweteramo mbuzi."

"Matenda onse aja munali kuti, bambo?" anafunsa Kanungu.

"Chete iwe! Mwana sayankha pamaliro."

Mayi Mvuu, amene ankayendetsa mwambo, anaseka mpaka mimba kugwedera. "A Fisi, kuno ana amasiye sitiwakoka. Amatsata amene wawaitana iwo n'kuvomera. Yambani ndinu."

Fisi anaima pa yoyamba. "Iwe chitsulo!" Zii. Anaimenya theche, chala chake n'kuthyoka.

Anapita pa yachiwiri, nalowetsa mutu m'chumuni. "Odi muno!" Zii. Anatuluka mwaye thoo, akuyetsemula.

Anapita pa yachitatu. "Iwe uje, ndine bambo ako aang'ono!" Zii.

Kanungu anati, "Mwana wanjala savomera. Ndithandizeni madzi." Njovu anatunga ndi chitamba, anyani anatuta malasha, Kanungu anakoleza moto monga ankachitira bambo ake. Sitima zitatentha, anaitana.

"Nambewe!"

"Pyoooo!"

"Nankhoma!"

"Huuuu!"

Fisi anaona kuti makasu apita. Anathamangira yotsalayo, naitsamira ndi matako. "Iyi yokha ndikuidziwa! Ndinaibereka kumsana ine. Ndi Na... Na..."

"Nachanza!" anaitana Kanungu.

Nachanza anavomera m'mbali, nthunzi yotentha fyooo pa matako a Fisi! Fisi anakuwa, nathawa atapinda mbuyo. Mpaka lero mbuyo yake sinawongoke.

Mayi Mvuu anaimba nthungululu. Analumikiza sitima zonse zitatu, nyama zinakwera mpaka padenga, ulendo wa ku Dambolanjati. Anyani anavina, Njovu anapikisana ndi mluzu nagonja, Kamba anati mphepo yotereyi anali asanaimvepo kumaso. Kanungu anali pa mpando wa bambo ake, akuseka, misozi ikuyenda pa mwaye.

Inu amene mumadziwa njira ya kwa wodwala tsiku la maliro lokha, mwamva? Amene sanatunge madzi pamatenda, asatambasule dzanja pa zamasiye. Ubale suyambira pamanda.

Nthano yaima pasiteshoni, tsikani. Kaphuleni mbatata pa makala a Nachanza, zingapserere.