Kochi Amene Anakhazika Lusayo pa Benchi

Mumzinda wa Zomba munali munthu wina amene ankasewera mpira wa basiketi ali pa koleji. Anali wamtali, wa dzanja lolunjika. Akaponya mpira ali patali, unkalowa mumkombero osakhudza chitsulo. Ophunzira anzake anamupekera nyimbo. Akangotulukira pabwalo ankaimba dzina lake akumenya zigubu, iye n'kumayenda pang'onopang'ono ngati sakumva, chonsecho mumtima akukomedwa.

Zaka zinapita, bondo linayamba kuvuta, miyendo inalemera. Akuluakulu a kolejiyo anamupempha kuti akhale kochi wa timu yawo. Anavomera, ndipo ntchitoyo ankaidziwa.

Chaka china kunabwera wophunzira wochokera ku Karonga, dzina lake Lusayo. Msinkhu anali nawo, koma mpira sankaudziwa kwenikweni. Kochi uja anamuphunzitsa kaimidwe, kapindidwe ka chigongono, ndi nthawi yoyenera kuutaya mpira m'manja. Lusayo ankamva msanga. Anzake akaweruka, iye ankatsalira n'kumaponyabe.

Tsiku lina pamasewero Lusayo anagoletsa motsatizana, ndipo ophunzira anayambitsa nyimbo. Kochi anaizindikira. Inali nyimbo yake yomwe ija, koma dzina linali litasintha. Kumbuyo kwake mkulu wina wa imvi, woonera mpira kuyambira kalekale, anauza mnzake kuti, "Uyu wamuposa kochi wake. Ujatu sankafika apa."

Timu inapambana, koma kochi atafika kunyumba chakudya chinamukanika.

Mkazi wake anamufunsa kuti, "Si mwapambana kodi? Nanga nkhope yagweranji?"

Iye anati, "Mutu ukundipweteka."

Kuyambira pamenepo chilichonse chimene Lusayo ankachita chinkamunyansa. Akagoletsa, ankati ndi wodzikonda. Akapatsira mnzake, ankati ndi wamantha. Anthu akamuombera m'manja, kochiyo ankamva ngati akumulanda chake masanasana.

Kenaka inafika ndime yomaliza yolimbirana chikho. Kunamvekanso kuti kubwera mkulu wosankha osewera a timu ya dziko lino. Kochi anadziwa bwino kuti mkuluyo akangomuona Lusayo amutenga. Anadziwanso kuti iye mwini, ndi nyimbo zake zonse zija, sanaitanidweko ku timu imeneyo. Anaganiza, naganizanso. Potchula oyamba kulowa m'bwalo, dzina la Lusayo analidumpha.

Mpira unayamba, timu yawo n'kumatsalira m'mbuyo. Ophunzira anafuula dzina la Lusayo mpaka mawu kusasa. Osewera ankacheukira ku benchi. Kochi anangopinda manja, maso ali kutsogolo.

Pa nthawi yopuma mkulu wosankha osewera uja anabwera n'kufunsa kuti, "Mnyamata tamumvera mbiri uja ali kuti?"

Kochi anayankha kuti, "Ameneyo ndi wamwano, samva malangizo. Angakakuvuteni."

Mkuluyo anagwedeza mutu n'kubwerera pampando wake. Mpira unatha, chikho chinapita kwina.

Anthu atabalalika, Lusayo anabwera, malaya ake osewerera ali ouma, opanda ndi dontho lomwe la thukuta. Anaima mwaulemu, manja ali kumbuyo.

"Akochi, ndinakulakwirani chiyani? Ndiuzeni ndikonze."

Kochi anayang'ana kumbali, ndipo Lusayo anapitiriza.

"Inetu koleji ino ndinaisankha chifukwa cha inu. Amalume anga anakuonani mukusewera, ndiye ankandiuza kuti ndikafuna kuudziwa mpira ndibwere kwa inu. Aliyense wondifunsa kumene ndinatenga kaponyedwe aka ndimamuuza kuti n'kwa akochi."

Kochi anawerama n'kuyamba kutolera mipira. Lusayo anadikira pang'ono, kenaka ananyamula chikwama chake n'kumapita. Maphunziro anamaliza, koma mpira sanaugwirenso. Anzake, amene anaona zonse, anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Kochi uja anatsala ndi zimene ankafuna: panalibenso womuposa pabwalopo, pakuti panalibenso wosewerapo.

Abale ndi alongo, nsanje imatinamiza. Imatiuza kuti mnzathu akakwera, ife tatsika. Koma luso la Lusayo linali zokolola za kochi uja. Anabzala yekha, anathirira yekha, ndipo mbewu itacha anaizula yekha chifukwa inamupitirira msinkhu.

Ena a ife tili ndi Lusayo wathu. Ali m'kwaya, mawu ake akukoma kuposa athu. Ali kuntchito, tinamuphunzitsa tokha. Kwa ena ndi mwana wobereka tokha. Mulungu sanatipatse mphatso kuti ithere mwa ife, ndipo akadalitsa amene tinamulera, watidalitsa ndife. Choncho musanapemphere lero, dzifunseni kuti ndani amene mwamukhazika pa benchi. Ngati alipo, pitani mukamuitane alowe m'bwalo mpira usanathe.